Canary: mbalame imene imacenjeza mwa kukhala cete

Pa wailesi pali cinthu cimodzi cimene timaopa kuposa kulakwitsa dzina la mfumu, ndico kukhala cete. Pakangopita masekondi angapo popanda mau kapena nyimbo, foni ya mu situdiyo imayamba kulira. Amene atuma amafuna kudziwa ngati malaiti apita, kapena ngati wina wabwera kudzatitseka. Tikamalankhula zopanda mutu omvera amapirira, koma tikangosiya kulankhula mitima yao imakwera m'mwamba.

Mwina n'cifukwa cake liu la Cizungu lakuti canary linatigwira mtima. Tinakumana nalo mwangozi. Mnyamata amene amatithandiza kukonza makompyuta anaika pa laputopu ya mu situdiyo pulogalamu yotsegulira intaneti yofanana ndi Chrome imene tonse tidziwa, koma cizindikiro cake cinali cacikasu cokhacokha, ndipo dzina lake linali Chrome Canary. Titamufunsa tanthauzo, anati ni Chrome ya anthu osaopa. Mdala wina amene amabwera pa pulogalamu ya okalamba, amene anatha zaka zambiri pa nchito ku Kopala, anaseka n'kunena kuti liu limenelo si la makompyuta iyai, ni la mu mgodi. Onse awiri ananena zoona, koma onse awiri anayambira nkhani pakati. Liuli linayambira pa agalu.

Kumadzulo kwa Morocco, makilomita pafupifupi 100 kucokera ku gombe la Africa, kuli zisumbu zimene lero zili m'manja mwa Spain. Mlembi wa ku Roma, Pliny Wamkulu, amene anamwalira m'caka ca 79, analemba kuti Juba II, mfumu ya Mauretania kumpoto kwa Africa, anatuma anthu kukaona zisumbuzo, ndipo pa cimodzi anapezapo agalu akuluakulu ambiri. M'Cilatini galu ni canis, conco cisumbuco cinachedwa Canaria. Akatswiri ena amakana, amati dzinali linacokera ku mtundu wa anthu a kumpoto kwa Africa ochedwa Canarii. Koma nkhani ya agalu ndiyo inamera mizu, moti pa cidindo ca boma la zisumbuzi pali agalu awiri mpaka pano.

Anthu a ku Spain anatenga zaka kucokera mu 1402 kufika mu 1496 kuti agonjetse eni nthaka a kumeneko, amene timawadziwa ndi dzina lakuti Guanche. Pa zinthu zimene ananyamula kupita nazo ku Ulaya panali kambalame kocepa ngati mpheta, kobiriwira, ka mizere yofiirira pamsana, kamene tambala wake amaimba mokoma kwambiri. Anakacha dzina la zisumbu. Ambiri amaganiza kuti zisumbu ndizo zinatenga dzina la mbalame, pomwe mbalame ndiyo inatenga dzina la zisumbu, zisumbu zinatenga la galu. Ndipo kambalameko sikanali kacikasu. Oweta a ku Ulaya ndiwo anali kusankha tumbalame towala n'kumatukwatitsa tokhatokha kwa mibadwo yambiri, mpaka mtundu wacikasu unapambana. Kucokera pamenepo liuli linayamba kutanthauzanso mtundu wacikasu wowala.

Matanthauzo ena anangomera m'mbali. M'nthawi ya Shakespeare, canary anali vinyo wotsekemera wocokera ku zisumbuzo, komanso gule wothamanga wopondaponda. Ku London, malo a nyumba zitalizitali za mabanki ochedwa Canary Wharf anatenga dzina ku doko limene linamangidwa m'ma 1930 kuti zombo zizitsitsirapo zipatso zocokera ku zisumbu zomwezo, ndipo coseketsa n'cakuti dokolo lili pa dera lochedwa Isle of Dogs. Galu anabwerera kwao. Okonda bola adziwa kuti Norwich City amachedwa The Canaries, ndipo Brazil, amene anasiya jezi yoyera atagonja kwa Uruguay pa Maracanã mu 1950 n'kuyamba kuvala yacikasu mu 1954, amachedwa Canarinho. Izi tingozidutsa. Cimene sitingadutse osachula n'cakuti lero zisumbuzo ndizo zimene acinyamata a ku Senegal, Mauritania, Mali ndi Gambia amalunjikako pa maboti a matabwa pofuna kulowa mu Ulaya. Mu 2024 munafika anthu opitirira 46,000, ndipo ambiri anathera m'nyanja. Kwa iwo Canary si mbalame kapena vinyo.

Mbalameyi inafika kwa anthu a m'migodi kalekale isanapatsidwe nchito yocenjeza. M'mapiri a Harz ku Germany, makamaka m'tauni ya Sankt Andreasberg, mabanja a anthu okumba siliva anali kuweta ma canary m'nyumba zao n'kumagulitsa kuti aonjezere pa malipiro ocepa. M'zaka za m'ma 1800 mbalame zao zinachuka kwambiri moti zinali kutumizidwa mpaka ku America. Inali bizinesi ya pambali, monga mmene ife timasungira nkhuku kuseli kwa nyumba mu komboni.

Nchito yeniyeni inayamba ndi maliro. Mu January 1896, mgodi wa malasha wa Tylorstown ku South Wales unaphulika ndipo anthu 57 anafa. Apa tifotokoze, cifukwa kwathu liu lakuti malasha timalidziwira pa thumba la pa msika: tikunena malasha a mwala okumbidwa pansi, monga a ku Maamba. Boma linatuma dokotala wa ku Scotland, John Scott Haldane, kukafufuza. Iye anatsikira pansi, anapima mitembo, ndipo anapeza cinthu cimene cinadabwitsa anthu. Ambiri mwa akufawo sanapse ndipo sanaphwanyike. Khungu lao linali lofiirira ngati la munthu wathanzi, magazi ao anali ofiira kowala. Cinawapha si moto kapena miyala, koma mpweya umene unatsala moto utazima, wochedwa carbon monoxide.

Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsamwitsa. Umapangika pamene cinthu cikuyaka pa malo osowa mpweya wokwanira. Ukalowa m'mapapo, magazi amaugwira mwamphamvu kuposa mmene amagwirira okosijeni kowirikiza ka 200 ndi kupitirira, moti magazi amayenda m'thupi atanyamula katundu wolakwika. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire, miyendo kulemera. Cimene cimaopsa kwambiri n'cakuti nzeru ndizo zimayamba kufooka, conco pamene munthu afunika kuganiza zothawa, m'pamene amaganiza zokhala pansi kuti apumeko pang'ono. Haldane anadziwa zimenezi cifukwa anali ndi khalidwe loyesa zinthu pa thupi lake. Anali kudzitsekera m'kacipinda, n'kumapuma mpweyawo, kwinaku akulemba zimene akumva ndi kupima magazi ake. Ife tikanakhala abale ake tikanamumanga, koma zimene anapeza zinapulumutsa anthu ambiri.

Anthu a m'migodi anali kale ndi nyale yotetezeka imene Humphry Davy anapanga mu 1815. Lawi lake likasintha maonekedwe anali kudziwa kuti pali mpweya wophulika wa methane, likazima anali kudziwa kuti okosijeni wacepa. Koma carbon monoxide wokwanira kupha munthu susintha lawi ngakhale pang'ono. Nyale imayaka bwinobwino mwini wake akufa. Haldane anati panafunika camoyo caching'ono cimene thupi lake limathamanga kuposa la munthu, kuti poizoni aonekere pa ico munthu akali ndi mphamvu zothawa. Poyamba anachula mbewa. Koma mbewa ikadwala imangodzipinda pakona, ndipo mu mdima sungadziwe ngati yagona kapena yakomoka. Mbalame imakhala pa kamtengo. Ikayamba kumva poizoni imasiya kuimba, imagwedezeka, kenako imagwa, ndipo aliyense amaona. Komanso mbalame ili ndi matumba a mpweya amene amacititsa kuti mpweya watsopano uzidutsa m'mapapo ake pokoka ndi potulutsa pomwe. Cimene cimaithandiza kuuluka ndico cimacititsa kuti poizoni aigwire msanga.

Pofika 1911 malamulo a ku Britain anayamba kufuna kuti migodi ya malasha izisunga tumbalame. Apa pali cinthu cimene ambiri amalakwitsa. Sikuti munthu aliyense anali kutsika ndi kakhola m'manja tsiku lililonse. Mbalamezi kwenikweni zinali za magulu opulumutsa anthu, amene anali kulowa pambuyo pa moto kapena kuphulika, pamene mpweya woipa wadzaza m'njira. Zinali kukhala pamwamba, zikudyetsedwa bwino, kuyembekeza tsiku loipa. Masiku oipawo anali kubwera ndithu. Pa 14 October 1913 ku Senghenydd, ku Wales komweko, anthu 439 anafa pa kuphulika kumodzi, ndipo ambiri anaphedwa ndi mpweya womwewo.

Taganizani kusiyana kwake ndi zimene tinakula nazo. Kwathu mbalame yocenjeza ni kadzidzi, ndipo amacenjeza mwa kulira pa denga usiku. Anthu amamuthamangitsa ndi cikuni ca moto, ngati kuti iye ndiye wabweretsa tsokalo. Canary ni wosiyana. Pamene aimba, zonse zili bwino. Uthenga wake uli m'kusiya kwake, ndipo amaupereka ndi thupi lake. Munthu amene wamunyamula afunika kuchera khutu ku cinthu cimene casowa, ndipo zimenezo n'zovuta kuposa kumva phokoso.

M'zaka zomwezo liuli linagwera pa anthu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 kufika 1918, azimai zikwizikwi a ku Britain analembedwa nchito yoika wonga wa TNT m'mabomba. Wongawo unali kusandutsa khungu lao kukhala lacikasu, ndipo anthu anayamba kuwacha canary girls. Dzinalo linali la mtundu wa khungu cabe, koma linali loona kuposa mmene olichula anaganizira, cifukwa ena a iwo ciwindi cinaonongeka n'kufa, ndipo ena anabereka ana acikasu. Ku America nako, pakati pa zigawenga, canary anali munthu amene waulula anzake kwa apolisi, cifukwa ati waimba. Wochuka kwambiri ni Abe Reles, wakupha wa ganyu wa ku New York amene anasanduka mboni ya boma. Pa 12 November 1941 anapezeka atafa pansi pa windo la hotela ya ku Coney Island, mmene apolisi anali kumulondera usana ndi usiku. Ameneyu ndiye canary yekha m'mbiri yonseyi amene anafera kuimba osati kukhala cete.

Kumapeto kwa December 1986 kunalengezedwa kuti ma canary opitirira 200 amene anatsala m'migodi ya ku Britain adzacotsedwa nchito, ndipo malo ao adzatengedwa ndi tumakina ta m'manja toonetsa manambala. Akuti anthu a m'migodi anamva cisoni, cifukwa anazolowera kuziimbira mluzu mbalamezo ndi kuziona ngati anzao. Munthu akanaganiza kuti tanthauzo limeneli latha pamenepo. Koma patangopita zaka ziwiri, vuto lina linabuka kumene kunalibe malasha kapena mdima.

Pa 2 November 1988, mwana wa sukulu wa pa yunivesite ya Cornell, Robert Tappan Morris, anatulutsa kapulogalamu kodzifalitsa kokha pa intaneti, imene panthawiyo inali yaing'ono kwambiri. Kwathu kuno inali isanafike n'komwe, cifukwa Zambia inalumikizidwa mu 1994 kudzera ku ZAMNET imene inabadwira pa UNZA. Kapulogalamuko akuti kanagwetsa makompyuta pafupifupi 6,000. Imodzi mwa njira zimene kanalowera ni imene akatswiri amacha buffer overflow, ndipo tiyesa kuifotokoza mmene mnyamata wathu uja anatifotokozera, titamuvutitsa kokwanira.

Tiyerekeze kuti mukutumiza katundu pa basi. Pa fomu pali tumabokosi 20 tolembamo dzina, ndipo pafupi pomwepo pali mzere umene kalaliki walembapo kale kumene cenji ndi lisiti zidzabwezedwe. Kalaliki ameneyu ni womvera kwambiri koma saganiza: ciliconse cimene mwamuuza amalemba, ndipo tumabokosi tukatha amapitiriza kulemba pamwamba pa zimene zili kutsogolo. Kawalala amapereka dzina lalitali dala, lowerengedwa bwino, moti zilembo zomalizira zimakagwera pa mzere uja n'kufuta adiresi yoona, kuikapo yake. Umu ndi mmene zimakhalira m'mapulogalamu ambiri olembedwa m'cinenero ca makompyuta cochedwa C. Pafupi ndi malo osungira zimene munthu walemba pamakhala adiresi youza kompyuta kumene ibwerere ikamaliza kanchito kameneko. Amene wasintha adiresiyo watenga ciwongolero ca makina onse. Mu 1996 munthu wodzicha Aleph One anafotokoza njira imeneyi mwatsatanetsatane m'magazini ya pa intaneti ya Phrack, ndipo kucokera pamenepo aliyense wofuna anatha kuiphunzira.

Yankho lina linabwera mu January 1998, pamene Crispin Cowan ndi anzake a ku Oregon anaonetsa njira imene anaicha StackGuard. Nzeru yake ni yosavuta. Pakati pa tumabokosi ta dzina ndi mzere wa adiresi, ikanipo nambala imene kawalala saidziwa. Kawalala sangafike pa adiresi popanda kupondapo pa nambalayo. Conco kompyuta isanabwerere kumene adiresi ikunena, iyambe yaona ngati nambala ija ikali momwe inalili. Ngati yasintha, pulogalamu yonse iime pomwepo. Nambala imeneyo anaicha canary, ndipo ananena poyera kuti dzinalo analitenga ku mbalame ya m'migodi. Ilibe nchito ina iliyonse koma kukhala pa malo oopsa ndi kuonongeka coyamba. Njira imeneyi inafalikira, moti foni imene muli nayo m'manja ili ndi tuma canary tosawerengeka tumene tumabadwa ndi kupimidwa pa sekondi iliyonse. Nthawi zina pulogalamu ikatsekeka yokha mwadzidzidzi timatukwana foni, osadziwa kuti mwina yadzipha dala kuti cinthu coipa cisapitirire.

Cimene cimatisangalatsa pa canary wa mu kompyuta n'cakuti palibe kukambirana. Nambala ikasintha, nchito imaima. Palibe bwana wonena kuti tiyeni timalizeko shifiti, palibe komiti yoyamba yakhala pansi. Pa mbali imeneyi makina anaphunzira phunziro la Haldane bwino kuposa anthu.

Kucokera pamenepo liuli linabalana. Chrome Canary ija inayamba mu 2010, ndipo ni Chrome imene imasinthidwa pafupifupi tsiku lililonse ndi zinthu zosayesedwa mokwanira, kuti ngati pali colakwika cigwere anthu ocepa amene anaisankha okha. Ku South Africa kuli kampani yochedwa Thinkst, yoyambitsidwa ndi Haroon Meer, imene imagulitsa kabokosi kochedwa Canary. Kamadzionetsa ngati kompyuta yodzaza zinsinsi za kampani pomwe mulibe kanthu, ndipo popeza wanchito woona alibe cifukwa cokagwira, aliyense wokagwira wadziulula. Palinso zimene amacha canary release: kampani ikasintha pulogalamu yake, siipereka kwa anthu onse nthawi imodzi, imayamba yapatsa kagulu kocepa n'kuona ngati zinthu zikugwa.

Apa ndiye pali funso limene mdala wathu uja anafunsa, ndipo mnyamata wa makompyuta anasowa coyankha: nanga mbalame ndani? Pa Chrome Canary munthu amalowa yekha m'khola akudziwa. Pa canary release nthawi zambiri sauzidwa. Mu October 2017 Facebook inayesa kucotsa nkhani za manyuzipepala ndi mabungwe pa tsamba loyamba n'kuziika pa tsamba lina lobisika. Siinayese ku America kapena ku Germany. Inayesa ku Sri Lanka, Bolivia, Slovakia, Serbia, Guatemala ndi Cambodia. Manyuzipepala ang'onoang'ono a kumeneko anangoona owerenga atsika mwadzidzidzi popanda wowauza cifukwa. Mu March 2018 kampaniyo inati kuyesako sikunayende bwino ndipo inasiya. Kwa iwo kunali kuyesa kwa miyezi isanu, koma kwa atolankhani a m'maiko amenewo inali nchito yao ndi mau ao. Ife amene wailesi yathu imadalira tsamba la Facebook kuti tifike kwa acinyamata, nkhaniyi timaimva m'mimba. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Tanthauzo limene limatikhudza kwambiri monga anthu a pa wailesi ni lochedwa warrant canary. Pambuyo pa zigawenga za pa 11 September 2001, dziko la America linakhazikitsa lamulo la Patriot Act, limene linakulitsa mphamvu za boma zofuna zinsinsi za anthu ku makampani ndi ku malaibulale, kwinaku likuletsa wofunsidwayo kuuza aliyense kuti wafunsidwa. Woyang'anira laibulale wina wa ku Vermont, Jessamyn West, anapeza kanjira. Anapanga zikwangwani zonena kuti a FBI sanabwere pano, ndi kupempha owerenga kuti aziyang'anitsitsa ngati cikwangwanico cidzacotsedwa. Lamulo lingakuletse kunena kuti abwera, koma n'kovuta kuti likukakamize kupitiriza kunama kuti sanabwere. Makampani anatengera nzeruyi. Apple inaika ciganizo cotere m'lipoti lake la mu November 2013, ndipo m'malipoti otsatira sicinaonekenso. Reddit inali naco, ndipo m'lipoti limene linatuluka mu March 2016 cinasowa, akuluakulu ake n'kukana kufotokoza zambiri. Palibe amene angatsimikize cimene cinacitika, ndipo kumeneko ndiko kufooka kwa njirayi: cete amakuuzani kuti cinacake cacitika koma sakuuzani kuti n'ciani. Ife tinalawako zotere pa 12 August 2021, tsiku la masankho, pamene WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinangoti zii masana. Aliyense anadziwa tanthauzo lake popanda cilengezo.

Migodi yathu ya kopa si ya malasha, ndipo ngozi zake n'zosiyana, koma nkhani ya cenjezo losamvedwa timaidziwa bwino. Pa 25 September 1970 ku Mufulira, matope a zotsalira za mgodi amene anali kuthiridwa pamwamba anaboola nthaka n'kukhuthukira m'njira za pansi, ndipo anthu 89 anafa. Zizindikiro zinalipo kale: nthaka inali itayamba kutitimira pansi pa damu la matopelo, ndipo matope ocepa anali ataonekapo m'kati mwa mgodi. Pa 6 June 1972, mgodi wa malasha wa Wankie No. 2 ku Rhodesia, kumene lero ni Hwange ku Zimbabwe, unaphulika n'kupha anthu 427. Pakati pao panali amuna ambiri ocokera ku Zambia ndi ku Malawi amene anapita kukafuna nchito, ndipo mitembo yambiri inatsekeredwa pansi pomwepo mpaka lero.

Ndipo pamene palibe mbalame m'khola, cinacake cimatenga malo ake. Ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira nchito kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kufika 1994, cimene cinaonetsa kukula kwa poizoni m'dothi ni magazi a ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ana amasewera m'fumbi, amaika manja m'kamwa, ndipo matupi ao amamwa mtovu msanga kuposa a akulu. Ni cifukwa comweco cimene Haldane anasankhira mbalame, kungoti anawa palibe anawasankha. Ku Kankoyo, anthu anali kudziwa kuti senta watuluka poona malata odyeka ndi minda yosamera. Pa 18 February 2025, damu la zotsalira za mgodi litagumuka ku Chambishi, anthu okhala m'mbali mwa Mwambashi ndi Kafue anaona nsomba zakufa zikuyandama, ndipo ku Kitwe madzi a m'mipope anatsekedwa.

Koma sitifunika kupita ku Kopala kuti tikumane ndi mpweya wa ku Tylorstown. Uli m'nyumba zathu mwezi wa June ndi July. Mbaula ya malasha ikayaka m'cipinda cotseka citseko ndi mawindo imatulutsa carbon monoxide yemweyo, ndipo imatulutsa kwambiri pamene utsi watha n'kutsala makala ofiira ooneka abwino, nthawi imene ambiri timati manje yapya, tingailowetse. Caka ciliconse nyengo yozizira timawerenga pa nkhani za anthu opezeka atafa m'mawa, nthawi zina banja lonse, nthawi zina alonda m'kanyumba ka pa geti. Malaiti akamavuta, mbaula zimaculuka. Amene apulumuka amanena zofanana ndi zimene Haldane analemba: mutu, cizungulire, mseru, miyendo kukana, tulo tokoma. Ngati anthu awiri kapena atatu m'cipinda cimodzi ayamba kumva mutu nthawi imodzi mbaula ili mkati, asayambe kufuna Panado. Atuluke panja, atsegule zonse, apite ku cipatala. Mwana wakhanda, nkhuku, pusi kapena kagalu ndiwo amayamba kufooka, ndipo mwana amene wangoti zii mosazolowereka si kuti wagona bwino. Mbaula izimidwe kapena itulutsidwe anthu asanagone.

Ku Manchester, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za sayansi ndi mafakitale, muli kakhola kena kamene kampani ya Siebe Gorman inapanga motsatira nzeru za Haldane. Ni kabokosi kacitsulo ka magalasi m'mbali, kokhala ndi kacitseko kozungulira kutsogolo, ndipo kuseli kwa kacitsekoko kuli waya kuti mbalame isathawe. Polowa m'mgodi kacitseko kanali kukhala kotsegula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pa bokosi pali kabotolo ka okosijeni, kamene kanalinso cogwirira ponyamula. Mbalame ikagwa pa kamtengo, wonyamula anali kutseka kacitseko, kutsegula kampopi ka botolo, n'kutembenuka kubwerera ndi anzake kumene acokera. Nthawi zambiri asanafike pamwamba mbalame inali itatsitsimuka, itakweranso pa kamtengo kake.

Titamuonetsa mdala uja cithunzi ca kakholako pa foni, anaciyang'ana nthawi yaitali, akucikulitsa ndi zala. Kenako anafunsa kuti botololo linali kukhala mphindi zingati, ndipo anafuna kudziwa ngati munthu wonyamulayo nayenso anali ndi lake.